Nkhumba za Apongozi Anga

Tereza, Piyo ndi iwe Sesiliya, mutu uno ndaulemba chifukwa cha funso la Piyo. Atabwera pa Khirisimasi adandifunsa ngati n'kwanzeru kusiya ntchito ya pakampani n'kulowa ya boma. Ine ndidangoti tikambirana mawa, mawalo n'kuzemba. Mukundidziwa, pakamwa panga mpolemera. Zimene zimandikanika kunena maso ndi maso ndimazitha ndi cholembera, choncho ndilemba zimene boma lidandipatsa ndi zimene lidandilanda, yankho mudzalitole nokha. Za ubwana wanga ndazidumpha. Ndiyambira pa dibi.

Chaka choyamba: pa dibi, kufupi ndi Mayani

Ndidalembedwa ntchito ya zaziweto nthawi ya chipani chimodzi, ndili mnyamata wa sukulu ya kumudzi amene adangowonjezerapo maphunziro afupiafupi. Tsiku lokaonekera ku ofesi pa boma la Dedza ndidavala malaya obwereka. Ndidafika pakhonde, n'kuodira chapansipansi monga timachitira kwathu, ndipo poti mkatimo makina otayipira ankalira, palibe adandimva. Kugogoda ndidaona ngati mwano. Ndidaima pamenepo m'chisanu mpaka dzuwa lidakwera, pomwe adatuluka a Msiska, bwana wanga woyamba, munthu wamtali wa kumpoto. Adandifunsa ngati ndine mlonda watsopano. Nditatchula dzina langa, Sitefano Kanduku, adaseka mpaka kutsokomola, kenaka adandipatsa ovolosi, jombo zazikulu kuposa mapazi anga, ndi njinga yakapalasa yakuda. Pondiperekeza adandiuza kuti ndisiye kuyang'ana pansi poyankhula, chifukwa kumene ndikupitako anthu sadzaona Sitefano, adzaona boma.

Dibi ndi dziwe lalitali la simenti momwe ng'ombe zimasambira m'madzi a mankhwala kuti nkhupakupa zife. Inu simudalione likugwira ntchito. Tsiku losambitsa, nkhungu isanachoke, unkayamba kumva malikhweru ndi mabelu kuchokera m'mapiri monse, kenaka ng'ombe zikutulukira m'gulu m'gulu, mpweya ukufuka m'mphuno. Ine ndinkasakaniza mankhwala, kuvundula, n'kuima pakhomo ndi ndodo. Ng'ombe ikalumphira m'madzi, fungo lija linkakwera n'kukhala m'zovala sabata yathunthu. Anthu ankanditcha adokotala. Akuluakulu a msinkhu wa bambo anga ankavula chipewa pondipatsa moni, ine n'kumasowa poyang'ana. Amayi ankandisiyira kachewere ndi kabichi pakhomo. Ndipo kutha kwa mwezi malipiro ankabwera, kaya mvula yagwa kaya yakana. Mwezi woyamba ndidagulira mayi anga bulangete. Kwathu kudalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene adadziwapo chinthu chotere, chakuti mwezi ukatha pali chimene chikubwera. Piyo, chimenechi usachipeputse. Chimagonetsa tulo.

Koma chaka chisanathe mankhwala adatha. Ndidapalasa kupita ku boma, a Msiska adati akubwera. Ndidapitanso, adati ali m'njira. Ulendo wachitatu adandiuza mokoma mtima kuti ndisamathe matayala a njinga, ndikakhale pamalo panga, ndizitsegula dibi monga mwa nthawi zonse. Ndiye ndinkatsegula. Ndinkasesa, kuzula udzu, n'kukhala pamwala kuyang'ana dziwe lodzaza madzi a mvula. Mlimi wina wokalamba adaima tsiku lina, nasuzumira m'dziwemo, n'kuti, “Adokotala, ntchito mukugwira ndithu. Achule anuwa nkhupakupa alibe ndi imodzi yomwe.” Ndidaseka nawo, koma ng'ombe yake idali itafa sabata yomweyo. Mwezi utatha malipiro adabwera monga kale. Apo mpamene ndidadziwa kuti m'boma munthu ukhoza kulipidwa chifukwa chodikira, ndipo kudikirako kumakudya m'kati ngati nankafumbwe. Ndinkadzuka m'mamawa wopanda chochita, kuzungulira dibi, kubwerera, kuzunguliranso.

Chaka chokwatira: kwa Kaphuka

Mayi anu Agnesi ndidawaona pa msika wa Mayani akugulitsa anyezi. Tsiku lililonse la msika ndinkagula mulu, osanena kanthu, mpaka anyezi adayamba kumera m'nyumba. Amene adandipulumutsa ndi atsibweni anu a Lukasi, mlongo wawo wa mayi anu. Adanditsatira mpaka pa njinga n'kundifunsa ngati ndikuphikira asilikali. Kenaka adati, “Basi ndamva. Bwerani Lamulungu kwa Kaphuka, mudzaone kumene amamera anyeziwo.”

Mwambo wa kwathu ndi wa kwa mayi anu ndi umodzi. Mwamuna amapita kukakhala kwa mkazi, kumanga nyumba kumeneko ndi kulima m'munda wa apongozi. Kwathu minda ndi ya alongo anga ndi ana awo, ine ndilibeko ngakhale mzere umodzi. Koma boma chikamwini silichidziwa. Lidandiika pa dibi, ndipo pa dibi mpamene ndinkayenera kugona. Tidapempha kuti ndiwatenge mayi anu. Agogo anu aNankhoma adavomera monyinyirika. Adati boma labwereka mwana wawo, ndipo chobwereka chimabwezedwa. Adatuma a Lukasi kuti akandionetse malo kumtunda kwa khola la nkhumba, moyang'anana ndi phiri, ndipo adadzala nkhadze m'ngodya zonse. “Apa mpanu, alamu,” adatero a Lukasi, “tsiku lomwe boma lidzakulavuleni.” Mumvetse bwino, ana anga. Padziko lonse lapansi, kachigawo kameneko nkokhako kamene ndikadaloza n'kunena kuti ndidzakalambira apa.

Ine ndi agogo anu sitinkayankhulana. Masiku ano mumaseka mukamva zimenezi, koma umo ndi momwe tidakulira. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'chimanga mbali iyi, ine mbali inayo, mpaka tipitirirane. Pakakhala mawu, mayi anu ankakhala pakhomo, agogo anu mkati, ine panja kuseri kwa khoma. Agogo anu ankati, “Uwauze bambo a Tereza kuti mbewu yasowa.” Ine ndinkamva bwinobwino, komabe ndinkadikira mayi anu abwereze, kenaka n'kuyankha kudzera mwa iwo omwewo. Mabanja ena amathetsa zimenezi ana akabadwa angapo, amapatsana mphatso n'kuyamba kuchezerana. Ife mpata umenewo sitidaupeze poti ndinkangobwera pa tchuthi, ndipo kunena zoona mwambowo unkandiyenera munthu wamanyazi ngati ine. Sichidali chidani. Udali ulemu waukulu. Nkhuku yonenepa inkaphedwa ndikafika, ndipo madzi osamba ankatenthedwa ndisanapemphe. Agogo anu ndinkawadziwa chifuwa chawo, mayendedwe awo ndi mfundo ya duku lawo kumbuyo. Nkhope ayi.

Zaka za pa lole

Zaka za pakatipa ndikaziganiza ndimamva kulira kwa lole. Boma likafuna kukusamutsa silifunsa ngati chimanga chako chacha. Uthenga umafika, lole n'kutsatira, inu n'kupakira bedi, mphasa, nkhuku ndi ana. Nchifukwa chake atatu inu aliyense adabadwira kwake. Nyumba zina zidali zabwino, za malata ndi mpopi pabwalo. Ina tidapeza mileme yokhayokha, chitseko atapita nacho amene adatuluka. Pamalo athu achiwiri ndidadzala mapichesi asanu kapena kuposa, ndinkawathirira ndi madzi otsukira mbale, ndipo chaka chomwe adayamba maluwa lole idafika. Kuyambira pamenepo ndinkangodzala mpiru ndi nyemba, zinthu zofulumira. Mayi anu adali ndi mbale zadothi zomwe adalandira pa ukwati. Sadazitulutse m'katoni. Ankati adzazitulutsa kwathu.

Mabwana ndidaona amitundumitundu. Wina akabwera kudzayendera ankayamba kufunsa za mbuzi asanafunse za matenda, ndipo ine wofuna kukondweretsa aliyense ndinkavutika kumukaniza. Wina adali mayi wolankhula pang'ono, amene adaona kuti mwana wa ng'ombe ndimamutembenuza bwino m'mimba, n'kunditumiza ku maphunziro owonjezera osapempha ine. Zipani zambiri zitabwera madibi ambiri adatsekedwa, ife tidasanduka alangizi oyendera m'midzi. Adatipatsa njinga zamoto. Tidanyada kwa kanthawi, mpaka tidazindikira kuti njinga imabwera kamodzi koma mafuta amafunika tsiku ndi tsiku. Yanga ndaikankha m'zitunda za Dedza kuposa momwe ndaikwerera. Katemera ankafika firiji itafa, firiji ikakonzedwa katemera n'kukhala atatha.

Komabe ndisanamize boma. Ng'ombe itandithyola mwendo ndidagona miyezi ingapo osagwira ntchito, ndipo malipiro sadaime, pomwe msuweni wanga wa ku esiteti adachotsedwa chifukwa chodwala malungo masabata awiri. Palibe bwana amene akadandithamangitsa chifukwa choti wadzuka ndi mkwiyo. Nonse atatu mudaphunzira mpaka pomwe mudafuna. Koma mayi anga adamwalira ndili kutali, uthenga udandipeza atayikidwa kale, ndipo ndidakangoona dothi lofiira. Mtima wanga sudakhazikikepo malo amodzi. Ngakhale pakati pa Misa, ndikamva galimoto yaikulu ikusintha giya pamsewu, ndinkayamba kuganiza za zingwe zomangira katundu.

Zaka zomaliza: kubwerera kufupi ndi kwa Kaphuka

Nthawi yopuma itayandikira ndidapempha kuti andiike kufupi ndi kwa mayi anu. Ndidapempha kangapo, ndipo pamapeto pake adavomera. Tidapatsidwa kanyumba ka boma pamtunda woyenda wapansi kukafika kumudzi. Loweruka lililonse ndinkakaumba njerwa pamalo paja. Nkhadze zija zidali zitakula kuposa munthu. Ndidaotcha uvuni, njerwa zidapsa bwino, ndidazifundika udzu. Mayi anu adayamba kuyeza ndi mapazi pomwe padzakhale khitchini.

Apongozi anga aamuna adali atamwalira kale, ndipo banja lidagwirizana zowamangira chiliza pambuyo pokolola. Ansembe adavomera kudzachita Misa kumanda, abale adaitanidwa kuchokera midzi yambiri, ena a ku Mayani, ena a kutsidya kwa malire. Agogo anu adaweta nkhumba za mwambo umenewu ndi manja awo. Mayi wokalamba, msana wopindika, ankasenza madeya kuchokera kuchigayo, kuzula zisoso, kutunga madzi. Sankalola kuti wina azidyetse.

Chaka chimenecho kudagwa chigodola. Ndi matenda a nkhumba opanda mankhwala ndi katemera yemwe. Nkhumba imasiya kudya, makutu amafiira n'kuda, imagona, masiku ochepa yafa. Chovuta chake nchakuti munthu akadya nyamayo sadwala, ndiye anthu saona chifukwa choitayira. Chizolowezi cha kwathu kuno mukuchidziwa: nkhumba imodzi ikagona, mwini wake amapha zonse msangamsanga n'kugawa nyama zisanafe zokha. Koma matendawo amayenda ndi nyama yomweyo. Mayi akatsuka nyama n'kukhuthulira madziwo m'khola, kapena fupa likatayidwa kudzala, khola lonse latha. Lamulo lidabwera loti nkhumba isaphedwe, isagulitsidwe, isasunthidwe, ndipo khola logwidwa ndi matenda nkhumba zake ziphedwe n'kukwiriridwa. Amene adaima kutsogolo m'tchalitchi Misa itatha kulengeza zimenezi ndine, agogo anu ali mbali ya amayi atazolika.

Kutatsala masiku ochepa kuti chiliza chichitike, a Lukasi adabwera kwathu masana. Adakhala pa mpando wanga, adayamba ndi kunyoza njinga yamoto kuti yasanduka chisa cha nkhuku, kenaka adafunsa, “Alamu, Lachisanu ndi Loweruka mulibe msonkhano ku boma?”

Ndidati ndilibe.

“Upezeni. Inu aboma misonkhano siikusowani.”

Apo mpamene adaulula. Nkhumba imodzi ya agogo anu idali itafa, ziwiri zidagona, zinazo zinkadyabe. Adagwirizana zoti aphe zonse Lachisanu, anthu adye Loweruka, ndipo monga mwa mwambo mudzi uliwonse wobwera unyamule kachidutswa popita. Ine ndingokwera minibasi, ndikagone ku boma, ndibwere Lamulungu. Adati andisungira mwendo. Ndidayesa kufotokoza za madzi otsukira nyama, za makola a midzi yonse ija, za amayi amasiye a mu mphakati wathu amene nkhumba imodzi ndiyo feteleza wawo. Adandimvetsera akugwedeza phazi. Ponyamuka adasiya nthabwala. “Njerwa zija mwaumba ndi dothi la ndani, alamu?” Adatenga chipewa n'kumapita.

Ndidaimbira foni bwana wanga wa nthawi imeneyo, mnyamata wa msinkhu wa Tereza, waulemu ndithu. Ndidapempha kuti atumize munthu wina. Adati galimoto ilibe mafuta ndipo anzanga onse ali m'madera awo ndi vuto lomweli. Nditamuuza kuti kholalo ndi la apongozi anga, adati pepani a Kanduku, koma kumeneko boma ndinu.

Ndidapita kwa mayi anu monga ndinkachitira nthawi zonse, kuti akawauze agogo anu. Ankasankha nyemba pa lichero. Sadadzutse mutu. “Mawu anu ndawanyamula kuyambira ndili mtsikana,” adatero. “Awa okha nyamulani nokha. Aja ndi mayi anga.”

Masiku otsatirawo sindidakhale pansi. Ndinkayamba ulendo wa kumudzi, kufika pa mlatho, n'kubwerera. Ndinkatsegula ofesi, kutseka, kupukuta njinga yopanda mafuta. Lachitatu ndidavala jekete n'kukaima pa siteji ndithu, mswachi uli m'thumba. Minibasi idaima, kondakitala adandigwira mkono, ine ndidati ndikudikira munthu. Idabwera ina, chimodzimodzi. Ndikadakwera palibe akadandifunsa kanthu, ndipo mwina lero bwenzi ndikulemba nkhani ina. Chimene chidandikanika ndi kuganiza zodzaimanso kutsogolo m'tchalitchi muja.

Lachinayi la sabata ya chiliza

Ndidavala ovolosi ndi jombo n'kupita wapansi. Agogo anu ndidawapeza pakhola ndi beseni la madeya. Ndidazungulira n'kukanjuta kuseri kwa nkhokwe, ndidatsokomola, n'kuodira. Ndidamva beseni likuikidwa pansi. Padalibe wina aliyense pafupi woti atinyamulire mawu, ndipo nkhumba yodwala inkabuula m'kholamo. Kenaka adayankhula, osati kwa ine, koma ngati akufunsa nkhokwe.

“Wabwerayo ndani? Bambo a Tereza, kapena boma?”

Ndidadziwa kuti ndikati bambo a Tereza, ndiye kuti ndilibe pakamwa, ndibwerere.

“Boma, mayi.”

“Ngati ndi boma liimirire. Boma ndilibe nalo manyazi.”

Ndidaimirira, iwo adazungulira nkhokwe n'kuima patsogolo panga. Aka kadali koyamba kuwaona kumaso. Adali aafupi kuposa momwe ndinkaganizira, ndi mphini ziwiriziwiri m'masaya, ndipo maso awo ndi ako, Sesiliya. Adayamba kundifunsa monga munthu amafunsira mlendo amene walowa m'munda mwake. Adafunsa ngati boma lidawathandizapo kusenza madeya. Ndidati ayi. Ngati labwera ndi mankhwala. Ayi. Ngati likapha nkhumbazo lidzabweza zina. Ndidati zimenezo sindingalonjeze. Ngati munthu wodya nyamayo amafa. Ndidati safa. Ndiye ndidafotokoza zonse za tizidutswa tija tikalowa m'midzi. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati za kutchalitchi zija adamva, si ogontha.

“Amuna anga agona nthawi yonseyi opanda mwala,” adatero. “Ndimati anthu abwere, adye akhute, popita azinena kuti kunali munthu. Nanga ndikakana?”

Ndidati ndikanena ku ofesi, ndipo ndibweranso ndi apolisi. Mawu amenewo adatuluka m'kamwa mwanga ine, pabwalo pomwe ndidadyerapo nkhuku zawo zaka zonse zija. Adandiyang'ana nthawi yaitali.

“Iphani. Koma m'munda mwanga simukumba, kudimba simukumba. Pamudzi pano boma lili ndi malo amodzi okha.” Adaloza ndi chibwano kumtunda, ku nkhadze kuja.

Ndidabwereka khasu ndi piki. M'mbali mwa malowo muli mwala, kotero pokumbika padali pakati penipeni, pomwe tinkati padzakhale chipinda chochezera. Dzenje la ntchito imeneyi limafunika lakuya kuti agalu asafukule. Amuna a pamudzi adasonkhana n'kuima chapatali, manja kumbuyo. Palibe adanditukwana, palibenso adagwira khasu. A Lukasi adakhala pamwamba pa njerwa zanga. Dzuwa lili pamutu mayi anu adafika ndi khasu lawo, adamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kukokera dothi kumbali osandiyang'ana. Za kupha sindilemba. Ndingoti zija zinkadyabe zidathamangira kwa ine poganiza kuti ndabweretsa madeya. Tidazikokera kumtunda imodziimodzi, tidakwirira, ndipo ndidatentha khola. Agogo anu adakhala pakhonde kuonerera zonse, osabisa nkhope.

Madzulo a Lukasi adatsika panjerwa paja, adasasa thalauza, n'kuti, “Alamu, ndinu munthu wabwino. Nyumba simunamange, alendo mwagoneka kale.”

Chiliza chidachitika Loweruka. Kudaphikidwa nyemba, kabichi ndi mbuzi imodzi yomwe siidafike ndi kwa amayi komwe. Anthu adadya mwaulemu n'kubalalika msanga, ndipo mpaka lero ena amati chaka cha chiliza cha nyemba. Pamwambo wotere akamwini ndiwo amawaza nkhuni ndi kunyamula mabenchi. Nditagwira nkhwangwa, mayi wina adandilanda mwaulemu n'kundiperekeza pa mpando pafupi ndi akatekisi, kuti aboma akhale apa. Ndidadya ndi supuni, pamthunzi, anzanga akutuluka thukuta.

Mufunsa ngati zidathandiza. Sindidziwa. Makola ena a mbali yathu adapulumuka, ena adatha ndithu poti nyama inkayendabe mobisa m'zikapu. Mwina ndidapulumutsa nkhumba za midzi ingapo, mwina ndidangochedwetsa matenda ndi sabata imodzi. Funso limeneli limandidzutsa mpaka pano. Ku ofesi palibe adatchulaponso nkhaniyi.

Nditapuma

Tsiku langa litakwana tidamwa tiyi ndi mandasi, adayankhula zabwino, ndipo ndidabweza makiyi a nyumba ndi njinga. Kumudzi palibe adati musamange. Palibenso adati mangani. Mvula itagwa tidangoona akazi a Lukasi adzala kachewere pamalo paja, kuzungulira njerwa. Ine munthu wosadziwa kufunsa, ndidamva. Tidachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya Che Amidu pa Mayani, momwe mwakhala mukutipeza. Che Amidu nkhani atayimva adapukusa mutu n'kuti iwo nkhumba sayandikira, koma sadamvepo kuti yathamangitsa munthu pamudzi itafa kale. Katoni ya mbale ija idalowa pansi pa bedi.

Kuyambira Lachinayi lija agogo anu sadandipatukirenso panjira. Tikakumana ankabwera molunjika, kundigwira chanza, kundiyang'ana m'maso: “Muli bwanji aboma?” Ankandifunsa za mitengo ya feteleza ndi za msewu, monga amafunsira mlendo aliyense wovala jekete. Anthu osadziwa ankati taonani mkamwini ndi apongozi ake akumvana. Ine ndinkabwerera kunyumba mtima uli zii. Nthawi zina ndikawaona patali ndinkachepetsa liwiro, kuyembekeza kuti mwina lero apatuka.

Ndiye Piyo, ukafuna kulowa lowa. Penshoni yanga ndi yochepa ndipo imachedwa, koma imabwera, ndipo sindidapemphepo sopo kwa inu. Udzagona osaopa kuti mawa akuchotsa. Udzadikira zinthu zosabwera mpaka tsitsi lidzachite imvi, udzadzala mitengo yodyera ena. Izi zonse munthu amazolowera. Chimene sindidazolowere nchakuti ntchito zina umazivula pamodzi ndi ovolosi, koma iyi ayi. Limafika tsiku lomwe anthu ako omwe amakufunsa kuti wabwera ngati ndani, ndipo bwana amene adakutuma amakhala ali kutali, galimoto yake ilibe mafuta. Sindikuti ndidalakwa. Sindikutinso ndidakhoza. Ndikadakwera minibasi ija bwenzi ndili ndi nyumba kalekale, ndipo bwenzi ndikusowabe tulo, pa chifukwa china.

Mwakhala mukufunsa chifukwa chake nyumba ya kwa Kaphuka ndayamba kuimanga mochedwa chonchi, mazenera osaikabe, maziko n'kuwakhotetsa molambalala pakati. Mayi anu sadakuuzeni, ndiye ndikuuzani ine. Dzinja lathali agogo anu atadwala matenda awo omaliza, tidapita kukawaona. Mvula inkawaza. Mayi anu adalowa, ine ndidaima pakhomo n'kuvula chipewa, kudikira kuti anene zija za masiku onse, kuti lowani aboma. Adadzutsa mutu pamphasa, adandiona. Kenaka pang'onopang'ono, movutikira, adatembenukira kukhoma n'kukokera bulangete kumutu.

“Agnesi,” adatero, “uwauze bambo a Tereza kuti njerwa zawo zikutha ndi mvula.”

Ndidamva bwinobwino, poti chitseko chidali chotsegula. Komabe ndidatsika pakhonde, ndidazungulira kuseri kwa khoma, ndidanjuta m'matope momwemo, n'kudikira kuti mayi anu atuluke adzandiuze.